Mawaya Awiri a Asibweni

Ku Joni ndinapita chifukwa cha asibweni, ndipo kubwerako ndinabwerako chifukwa cha iwo omwewo. Asibweniwa ndi mlongo wawo wa amama, obadwa bere limodzi kwathu ku Nkhata Bay. Ife tinakulira ku Mzuzu, ku Zolozolo, m'nyumba ya lendi, adada atamwalira. Asibweniwo anakhazikika ku Joni ine ndili wamng'ono, ndipo akamabwera pa Khirisimasi amama ankasesa pabwalo mpaka dothi kuwala.

Ndinali nditamaliza kosi ya zamagetsi koma ntchito osaipeza. Ndinkangokonza mawailesi ndi machaja a foni pakhonde la sitolo ya mnzanga. Tsiku lina asibweni anandipeza ndikuwotcherera kawaya, anaima n'kumayang'ana.

"Manja ake ali bwino," anauza amama titafika kunyumba, osati ine. "Ndipatseni ndikamupange munthu."

Amama anagwada. "Yewo chomene, adumbu."

Za ulendowo chimene ndimakumbukira ndi miyendo kutupa, ndi fungo la usipa umene amama anatumizira mlongo wawo. Nditafika ndinapeza kuti sindikagona kwa asibweni. Iwo anali ndi nyumba yeniyeni, mkazi wa konko ndi ana. Ine anandisiya kuseri kwa nyumba ya munthu wina, m'kachipinda ka malata kodzaza anyamata a ku Malawi, ena a ku Mzimba, ena a ku Mangochi. Mwana wa ku Mzuzu ndinkadzitama kuti kuzizira ndimakudziwa. Kuzizira kwa ku Joni kunandiphunzitsa ulemu. Tinkagona titavala majekete, misana itagundana, ndipo wodzuka koyamba ankatenthetsera anzake onse madzi osamba. Wina akachotsedwa ntchito ankadya ndi ife osafunsidwa kanthu. Anyamata amenewo sindinawaiwale. Mwezi ukatha tinkapita limodzi kumene amakwezera katundu wa kumudzi, ine n'kutumizira amama bulangete, mafuta ophikira, nthawi ina foni.

Kampani inali yaing'ono, ya mzungu wina wachikulire amene tinkangoti abwana. Tinkapanga mabodi oyendetsa zipinda zozizira, zija amasungiramo nyama ndi zipatso. Bodi ndi kathabwa kobiriwira kodzaza tizipangizo tamagetsi. Yaikulu imakhala kunja kwa chipinda, ndipo mkati mumakhala masensa, tizida tomva kuzizira. Zonsezo zimalumikizidwa ndi mawaya awiri okha opotana. Mawaya awiriwo ndi amene amawatcha basi. Tsiku loyamba ndinaseka, maganizo ali pa basi yokwera.

Pa mawayawo uthenga umayenda mondondozana, kachidutswa pambuyo pa kanzake. Bodi yaikulu imaitana sensa iliyonse ndi nambala yake: wachitatu, kwako kwazizira bwanji? Wachitatu amayankha, ena onse ali duu. Kufotokoza n'kosavuta. Koma babu likapsa umaliona, fyuzi ikaduka mita yoyezera magetsi imakuuza. Izi ayi. Mita imakuonetsa kuti magetsi alipo, koma zimene akukambirana siikuuza. Bodi ikhoza kulankhula mofulumira pamene sensa ikumvera mwapang'onopang'ono. Ukhoza kusemphanitsa mawaya. Masensa awiri akhoza kukhala ndi nambala imodzi n'kumayankha nthawi imodzi, ngati anthu okangana pa msika. Zolakwika zambirimbiri, koma chimene iwe ukuona ndi chimodzi: palibe yankho. Choipitsitsa ndi vuto lobwera n'kuchoka. Ukaliyang'anira limagwira bwinobwino. Ukangotembenuka lafa.

Chida choonera zimene zikuyenda pa waya chinalipo, chokhala ngati kawailesi ka kanema. Ankachitcha sikopu. Asibweni ankachikiyira m'kabati, kiyi ali pa lamba.

"Iwe uziwotcherera," ankatero. "Zinazo si zako."

Ndikafunsa, ankandiyankha theka. Ndimakumbukira bodi ina imene inandizunza masiku ambiri, kachipangizo kosunga nthawi kakukana kulankhula ndi ubongo wa bodiyo. Ndinasintha kachipangizoko, ndinawotchereranso mwendo uliwonse, ndinafika pomapemphera. Asibweni ankadutsa kumbuyo kwanga akuimba mluzu. Abwana atayamba kufunsa, asibweni anatenga bodiyo, anandipatsa msana, anawotcherera kanthu kenakake, n'kukaipereka ikugwira. Nditaiona pambuyo pake ndinapeza tizipangizo tiwiri tatsopano totchedwa marezisita. Ankadziwa kuyambira tsiku loyamba.

Amene anandiphunzitsa ndi Sisi Rudo, mayi wa ku Zimbabwe amene ankayesa mabodi tisanawatumize. Kwawo anali mphunzitsi wa sayansi, ana anawasiya ndi agogo awo. Iwo anali ndi kiyi wina wa kabati. Asibweni akapita kukamanga kwa makasitomala, ifeyo nthawi ya nkhomaliro tinkatulutsa sikopu, buledi m'dzanja limodzi. Pamenepo ndi pamene ndinaona koyamba magetsi akulankhula: kamzere kobiriwira kokwera ndi kutsika ngati mano a sowo.

"Werenga," ankatero. "Apa wayamba. Apa nambala. Apa wamaliza. Tsono yankho lili kuti?"

Ndinkawerenga n'kulakwitsa, kuwerenganso n'kulakwitsanso. Mutu unkachita kuwawa. Ndikathamangira kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi ankandimenya padzanja ndi pensulo.

"Sintha chimodzi, uyese. Ukasintha zonse n'kugwira, waphunzira chiyani?"

Pang'ono ndi pang'ono maso anatseguka. Ndinayamba kusiyanitsa mzere woyera ndi mzere wodetsedwa ndi phokoso la mota. Ndinadziwa chifukwa chake kumapeto kwa waya wautali amaikako rezisita, kuti mawu asamabwerere ngati ukufuula m'tchalitchi mopanda anthu. Ndinaikonda ntchitoyo kuposa chilichonse chimene ndinachitapo. Palibe chokoma ngati vuto limene lakuzunza kwa nthawi yaitali likagwidwa pakhosi.

Cholakwa cha Sisi Rudo chinali kunyadira. Tsiku lina abwana anafunsa amene anapeza chimene chinkavuta pa mabodi ena obwezedwa, iwo n'kundiloza. Abwana anandigwira phewa. Asibweni anaseka nawo, koma madzulo tikuyenda kupita kokwerera matekisi anati, mwa Chitumbuka kuti ena asamve:

"Mphwanga, kuno ku Joni munthu sathamanga kuposa amene anamubweretsa."

Patapita miyezi tinatumidwa awiri kukamanga zipinda zozizira pa kampani ina yogulitsa nyama, kunja kwa tauni. Ine anandipatsa ntchito yoika manambala pa masensa. Iwo anakoka mawaya. Ndinawaona akulowetsa mawaya a basi m'paipi imodzi ndi chingwe chachikulu cha makompuresa, mamota oziziritsa zipinda, chifukwa njira ina inafuna kuboola khoma ndipo iwo ankafuna kuweruka.

"Asibweni, mota ikayamba sizisokoneza?"

"Wayamba liti kundiphunzitsa?"

Tinayesa, zinagwira, tinachoka.

Kunali holide yaitali. Anthu atabwerera ku ntchito anapeza nyama yonse itaola. Masensa anali atasiya kumveka, bodi n'kukhalabe ikukhulupirira uthenga wakale woti mkati ndi mozizira. Eni nyama anabwera ndi maloya. Abwana anatiitana mu ofesi, nkhope ili psuu. Ndisanatsegule pakamwa asibweni anayamba kulankhula, mofatsa, ngati munthu womva chisoni. Anati mnyamatayu anapatsa masensa awiri nambala imodzi. Anati ndi mwana wa mlongo wawo, mtima ukuwapweteka, koma chilungamo n'chilungamo. Anawonjeza kuti masiku amenewo ndinali nditayamba kumwa.

Mowa sindinaulawepo mpaka lero. Chizungu changa chinathawa. Ndinangoti mawaya, paipi, mota, abwana n'kukweza dzanja kuti basi.

Titatuluka asibweni anandigwira mkono. "Pita ukandidikire pa kona ya sitolo ya Msomali ija. Ndibwera tikambirane, ndikupezera pena."

Ndinakadikira. Amene anabwera ndi apolisi. Pamsewupo panali anthu ambiri, koma galimoto inaima pa ine, ndipo asanandifunse pasipoti ankadziwa kale kuti masiku anga ololedwa kukhala m'dzikomo anatha. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa za mapepala anga komanso pamene ndaima.

Za kumalo kumene amasungira anthu opanda mapepala sindikonda kukamba. Nsabwe, mizere ya chakudya, amuna akuluakulu akulira. Chimene chinandisunga ndi mkwiyo. Anzanga ankapemphera kuti atuluke. Ine ndinkapemphera kuti asibweni asafe ndisanawaone.

Ndinafika ku Mzuzu ndi jumbo ya pulasitiki ndi nsapato za munthu wina. Nkhani inali itafika kale. Amama anandilandira, anandiphikira, koma maso awo ankandizemba. Ku tchalitchi azimayi ankandipatsa moni wa odwala. Nditayesa kufotokoza, amama anandidula.

"Asibweni ako analira pa foni. Akuti anayesetsa kukubisira manyazi. Usawonjezere bodza pa mowa."

Sisi Rudo ananditumizira mawu pa foni patapita nthawi. Anati anatumidwa kukayesa masensa onse aja, manambala anga anali bwinobwino. Anati asibweni anapita okha Loweruka lina kukakoka mawaya atsopano m'paipi yawoyawo. Ndinawamvetsera amama mawuwo. Anali a Chizungu, ndinawamasulira. Anangoti, "Mkazi wachilendo angadziwe za banja lathu?"

Kuyambira pamenepo nkhaniyo ndinaitsekera m'mimba. Ndinasamukira ku Chibavi, ndinachita lendi kachipinda m'mbali mwa msewu, ndinaika tebulo. Nthawi imeneyo masola anali atayamba kuchuluka, ndipo ma inveta ake ndi mabatire amalankhulana pa mawaya ngati omwe aja. Amakaniko a galimoto zatsopano nawonso anayamba kundiitana, galimoto ikamayatsa nyali zonse pa dashibodi popanda chifukwa chooneka. Ndinagula sikopu yakale kwa munthu wina wochokera ku Dar. Ndinakwatira, ndinabereka. Anthu ankati ndaiwala. Ine tsiku lililonse ndikayatsa sikopu ndinkaona nkhope ya asibweni mu ofesi muja, yachisoni, yofatsa.

Asibweni anabwerera kumudzi atakalamba. Kampani ya abwana ija inagulitsidwa, mkazi wa ku Joni anatsala ndi nyumba ndi ana. Zonse zimene anabwera nazo anaziika pa chinthu chimodzi: anamanga chipinda chozizira ku Ching'ambo, choti amalonda a nsomba za ku Nkhata Bay ndi a nkhuku azisungitsamo katundu. Mabodi anabwera nawo kuchokera ku Joni, amtundu womwe uja. Pa mwambo wotsegulira panali abusa ndi kwaya. Ine sindinapite.

Chinagwira bwino mpaka mvula itayamba. Kenaka mbiri inayamba kumveka mu msika: kwa mdala uja nsomba zikumafewa. Amati makina amayenda bwino masiku angapo, kenaka amangosokonezeka, nthawi zina kuzizira mpaka kuuma gwa, nthawi zina kuzima. Asibweni anali ndi matenda a shuga, maso atayamba kuchita mdima, manja akunjenjemera. Anaitana amagetsi osiyanasiyana, aliyense n'kusintha chake, vuto lili pompo. Ndinkamva zonsezo ndili pa tebulo langa, ndipo ndisaname, chakudya chinkandikomera.

Mmawa wina amama anatulukira pakhomo pa shopu, ambulera ikudontha. Sanayambe abwerapo.

"Monire, amama."

"Yewo." Anakhala pa benchi n'kuyang'ana mawaya olendewera. "Asibweni ako akumira. Anthu akuti iwe ndi amene ungathe."

"Akutuma ndi iwo?"

"Ndabwera ndekha. Chibale ndi fupa, mwana wanga."

"Ndipita," ndinatero. "Koma akanene pamaso panu zimene zinachitika ku Joni. Zonse."

Tinapita masana a tsiku lotsatira, mvula ikuwaza pa malata. Fungo linatilandira tili pa geti. Amayi awiri a nsomba anali atakhala pakhonde ndi mabeseni opanda kanthu. Asibweni anatuluka atavala jekete la ku Joni limene tsopano linkawakulira. Anandipatsa dzanja, ine ndinalilandira ndi manja awiri monga mwa ulemu. Anatilowetsa m'kachipinda ka makina. Bokosi la bodi linali lotsegula, kanyali kofiira kakuphethira.

Amama anati, "Adumbu, mwanayu akuti muli ndi mawu."

Anazungulira. Anati zakale n'zakale, anati ku Joni n'kovuta, munthu sungamvetse usanakhaleko. Ine ndinangoima, chikwama cha zida chili paphewa. Kompuresa inayamba, inalira pang'ono, n'kuzima. Asibweni anaiyang'ana, kenaka anayang'ana pansi.

"Manambala ake anali bwino," anatero. "Mawaya ndinakoka ndine. Ndinawaika poipa."

"Nanga mowa?" ndinafunsa.

"Sankamwa."

Amama anagwira khoma.

"Nanga apolisi?" ndinafunsanso.

"Ndinali ndi ana pa sukulu. Ukanakhala, abwana akanakufunsanso, mayi uja akanakuthandiza Chizungu. Akanachotsa ine." Asibweni anapukuta kumaso. "Foni ndinaimba ndine."

Ndinadikira mawu amenewo zaka zonsezo. Ndinkaganiza kuti ndikadzawamva mtima udzatsika. Sunatsike. Unangoti zii, ngati chitsulo.

Ndipo panali chinthu china chimene sindinachiyembekeze. Maso anga anali kale pa bodi. Ndinali nditayamba kale kufunsa m'mutu: n'chifukwa chiyani masiku angapo, bwanji osati nthawi zonse? Chinyezi? Jenereta? Sensa yakumapeto? Sindinkadziwa yankho, ndipo manja ankandiyabwa kuti nditulutse sikopu. Njala ya ntchito yathu ndi yoopsa, imatha kukuiwalitsa amene ukumugwirira. Ndinakanikiza chikwama ndi chigongono.

"Ndamva, asibweni," ndinatero. "Yewo."

Ndinatembenuka n'kutuluka.

Amama anandithamangira mpaka pa geti, opanda ambulera. "Unati ukonza."

"Ndinati ndipita. Ndapita."

"Munthu wamkulu wapepesa, pamaso panga."

"Sanapepese, amama. Avomera chifukwa nsomba zikuola."

"Ndiye ufuna afe?"

"Ayi. Ndikufuna akhale ndi moyo nthawi yaitali."

Anandiyang'ana ngati akuona mlendo. Mwina ankaonadi mlendo. Mwana amene anamupereka kwa mlongo wawo anatsala pa kona ya sitolo ija.

Mvula isanathe chipinda chinatsekedwa. Amalonda anasamukira kwina, makompuresa anagulidwa ndi munthu wa butchala, malo anatengedwa. Mabodi ndi masensa anakathera kwa wogula zitsulo zakutha mu msika. Ndinatuma mnzanga kukandigulira zonse, ndi mawaya omwe.

Ndinaziyala pa tebulo langa n'kuzilumikiza. Zinagwira. Masiku anapita, zikugwira bwinobwino, sensa iliyonse ikuyankha mwaulemu. Ndinaziwaza madzi, ndinazigwedeza, ndinayatsa mota pafupi, osasintha. Makasitomala anayamba kudandaula kuti katundu wawo akuchedwa. Mkazi wanga anandifunsa ngati ndapenga, kulimbana ndi makina a chipinda chimene kulibe. Kenaka ndinazindikira chimene pa tebulo panalibe: kuzizira. Ndinapempha mayi woyandikana nane, wogulitsa mafirizesi, kuti ndiziika masensa mu firiji yake, imodzi imodzi, mawaya atatulukira pa chitseko. Yoyamba, palibe. Yachiwiri, palibe. Ndinkadikira mpaka chisanu chigwire, n'kusintha. Itafika ina, patapita maola, kamzere pa sikopu kanasanduka udzu. Sensayo inayamba kubwebweta yokha osafunsidwa, kuphimba anzake onse.

Ndinaitsegula n'kuyang'ana ndi galasi lokulitsa. Pa mwendo umodzi wa kachipangizo kolankhula pa waya panali mng'alu wochepa kuposa tsitsi. Kukatentha unkatsekeka. Kukazizira, chinyezi chitalowa, unkayasama. Maso a nkhalamba ya shuga sakanauona. Ndinaukhudza kamodzi ndi chitsulo chowotcherera, basi. Ndinabwezera mu firiji, zinagwira sabata yathunthu osaphonya.

Asibweni tsopano amakhala kwa amama ku Zolozolo, m'chipinda chakumbuyo. Ana a ku Joni saimba foni. Amama amawaphikira, amawaperekeza ku chipatala, ndipo ine amandiyankha moni koma sakhalanso pansi kucheza nane. Ndimapitabe Lamulungu ndikaweruka ku tchalitchi, ndi shuga wa tiyi wa amama ndi ndiwo. Nkhani ya mabodi inawafika asibweni, Mzuzu ndi waung'ono. Tsiku lina amama ali kukhitchini, asibweni anasendeza mpando.

"Ndamva unagula zida zija."

"Ndinagula."

"Vuto lija unalipeza?"

"Ndinalipeza."

Nkhope yawo inawala ngati ya mwana. Kwa kanthawi anaiwala zonse, chipinda, nsomba, Joni. Anatsala mmisiri yekha. "Linali chiyani, mphwanga? Chinyezi? Ndinkakayikira jenereta ija. Kapena waya wakumapeto?"

Ndinawafunsa ngati amwa mankhwala awo.

Amafunsabe. Lamulungu lililonse amapeza njira yatsopano yofunsira, nthawi zina mondinyengerera, nthawi zina ngati akungocheza. Amama akuti amawapeza atakhala pa mphasa akujambula mawaya m'mwamba ndi chala, akudzilankhulira. Ine ndimadziwa mmene vuto losapezeka limadyera munthu wa ntchito yathu. Limakulowa m'tulo, limakulanda kukoma kwa chakudya. Ndimawapatsa moni ndi manja awiri, ndimawafunsa za miyendo, ndimatsanzika bwinobwino. Adzapita nalo kumanda funsolo, ndipo ine ndidzanyamula nawo bokosi.